Mwapolisha madzulo, m'mawa mizere yabwerera: nkhani ya masiponji ndi kompresa kuno kuchigwa

Inali Toyota yakuda ya bambo ena a ku Ngabu, ndipo Loweruka inkayenera kunyamula akwati. Tinaipolisha Lachinayi kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka. Pansi pa shedi inkawala ngati kalilole, moti ukaima pafupi ndi chitseko unkadziona mpaka mabatani a malaya. Lachisanu cha m'ma 11 koloko bambo aja anatulukira nayo. Sanakalipe ayi. Anangondikodola n'kuloza pa boneti. Padzuwa la kuno penti yonse inali ndi timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude, ndipo m'zitseko munali zonga mafunde zimene zimasuntha iwe ukamasuntha.

“Achimwene, kodi izi zinalipo dzulo?”

Ndinawauza zoona. Zina zinalipo, koma zambiri tinaziika ndife.

Atapita ndinakatenga siponji ya pa makina opolishira imene tinagwiritsa ntchito. Pogula inali yachikasu, koma tsopano inali yotuwa, pamwamba pake pali chikhungwa chonyezimira. Nditaidinikiza ndi chala chachikulu, panatuluka phala la kompaundi, mankhwala aja okhuthala opalira penti popolisha. Nditakanda ndi chikhadabo ndinamva timchenga. Siponji imodzi yomweyo inali itayenda galimoto yonse, kuchokera pa boneti mpaka ku buti, osaitsuka ngakhale kamodzi.

Vuto limeneli ndimalimva kwa anzanga otsuka ndi kupolisha magalimoto m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Thabwa ndi Dyeratu, kudutsa kwathu kuno ku Nchalo, mpaka ku Bangula ndi pa boma pa Nsanje. Ambiri amathamangira kunena kuti kompaundi ndi yachinyengo, kapena kuti makina atopa. Nthawi zina n'zoona. Koma ine ndaona kuti kawirikawiri wolakwa amakhala siponji yakuda, yotentha kapena yolowa mchenga. Ndipo nkhani ya kompresa, makina aja opopa mpweya, iyenera kuyambira pomwepa. Ntchito yoyamba ya mpweya pamalo opolishira ndi kusamalira siponji, zina zonse zimabwera pambuyo.

Chimene chimachitika pansi pa siponji

Penti ya magalimoto ambiri a masiku ano ili ndi kiliya pamwamba, uja woonekera ngati galasi. Kiliyayu ndi wopyapyala kuposa tsitsi limodzi la munthu, nthawi zambiri ma micron 40 kapena 50 basi (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Kupolisha ndi kupala kiliyayu pang'ono kwambiri mpaka timikwingwirima tifanane ndi malo ozungulira. Tsono zimene mwapalazo zimapita kuti? Zonse zimalowa m'timabowo ta siponji, pamodzi ndi kompaundi imene yatha mphamvu. Timabowo tikadzaza, siponji imasiya kudya penti n'kuyamba kungotereka. Wopolisha akaona kuti sizikuyenda amawonjezera kompaundi ndi kukanikiza kwambiri. Kutentha kumakwera, phala lija limauma n'kupanga timibulu, ndipo timibuluto ndi timene timalemba mizere yatsopano.

Chimene chimatinamiza ndi mafuta a m'kompaundi. Amalowa m'mizere ija n'kuibisa, galimoto n'kumaoneka bwino pamthunzi. Ikangotsukidwa kamodzi, kapena ikakhala padzuwa tsiku limodzi, mafuta amachoka ndipo zonse zimaonekera poyera. Choncho musanauze kasitomala kuti mwamaliza, pukutani kagawo kamodzi ndi isopropyl, mtundu wa sipiriti wopukutira, wosungunula ndi madzi. Ngati mulibe, tsukani kagawoko ndi madzi a sopo wotsukira mbale, muumitse, kenako mutulutse galimoto padzuwa kapena muunike ndi tochi ya foni chapambali. Zimene mudzaone pamenepo ndi zimene mwini wake adzaone mawa.

Kompaundi ikuuma msanga, ikuchita fumbi kapena kukakamira

Apa wolakwa woyamba ndi dzuwa lathu. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo boneti yakuda imene yaima padzuwa imatha kupitirira madigiri 70. Kompaundi imapangidwa kuti ikhale yonyowa kwa kanthawi ikugwira ntchito. Pa chitsulo chotentha chonchi imauma musanayende n'kawiri komwe. Ikani kumbuyo kwa dzanja pa penti. Ngati simungathe kulisiya pamenepo, si nthawi yopolisha. Galimoto imene yangofika kumene, ngakhale itakhala pamthunzi, boneti yake imakhala ikutenthedwa ndi injini kunsi. Itseguleni, muyambe ndi zitseko za kumbuyo.

Ife m'miyezi yotenthayi timayamba 5 koloko m'mawa. Ikamakwana 10 timasiya makina n'kuchita zam'kati. Kagawo kopolisha timakachepetsanso, osapitirira masentimita 50 mbali zonse, kuti kompaundi isaume mbali ina tili mbali ina.

Wolakwa wachiwiri ndi dzanja lowolowa. Siponji yatsopano muipake pang'ono nkhope yonse ndi chala kuti pasakhale malo ouma. Kuchoka apo, kagawo kalikonse kamangofuna madontho atatu kapena anayi aakulu ngati njere ya nandolo. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito ankalemba mzere wathunthu kuzungulira siponji ngati akupaka majarini pa buledi. Ndinamufunsa tsiku lina chifukwa chake, iye n'kuti, “Bwana, ikachuluka ndiye imachotsa msanga.” Ndinamupatsa masiponji awiri, ina yothira madontho anayi, ina yothira mmene ankachitira, kuti ayese pa chitseko chimodzi. Yodzazayo inalemera, makina anayamba kunjenjemera, kompaundi n'kumwazikira pa magalasi. Kuyambira tsiku limenelo sindinamukumbutsenso.

Timizere tochepa koma takuya, tokhota ngati mchira wa nkhumba

Uwu ndi mchenga. Kanjere kamodzi kokha kakakodwa m'siponji kamalemba paliponse pamene makina adutsa. Kuchigwa kuno mchenga sitiufunafuna, umadzibweretsa wokha. Kamvuluvulu mmodzi wa masana, kapena lole ikadutsa pa msewu wafumbi, galimoto imene mwaitsuka bwinobwino yavala kale fumbi. Nyengo yodula nzimbe kumagwanso timaphulusa takuda touluka kuchokera kuminda imene yatenthedwa. Ukaona ngati n'tofewa, koma tikasakanikirana ndi kompaundi timadetsa siponji nthawi yomweyo.

Siponji imene yagwa pansi isabwerere pa makina, ngakhale ikuoneka yoyera. Ipite m'ndowa yochapira. Makina mukawaika pansi, agone chagada, siponji iloze kumwamba, ndipo ngati mukupumula muivundikire ndi kansalu koyera. Masiponji oyera azikhala m'chigoba chokhala ndi chivundikiro, osati pa shelefu. Wazani madzi pansi kuzungulira galimoto musanayambe, ndipo gawo lililonse mulipukute kapena kuliuzira ndi mpweya nthawi yomwe mukufuna kulipolisha, osati m'mawa mokha.

Palinso zokakamira pa penti zimene sopo sachotsa: phula la pamsewu, utomoni wa mitengo, tizitsulo tochokera ku mabuleki. Valani kajumbo kopyapyala m'dzanja n'kusisita penti yotsuka kale. Mukamva kukhakhala ngati sandipepa, yambani mwadutsitsa clay bar, kachibuma kofewa konga dongo kozula zokakamira pa penti, ndi madzi a sopo. Mukapanda kutero, zonsezo siponji idzazitola.

Kutsuka siponji ntchito ili m'kati

Apa ndi pamene pagona nkhani. Siponji siidikira madzulo kuti itsukidwe. Kagawo kalikonse mukamaliza, ichotseni zinyalala musanathire kompaundi ina.

Njira yosafuna ndalama ndi bulashi ya pulasitiki yolimbirako, kapena mswachi wakale woyera. Tembenuzani makina, muwayatse pa liwiro lotsika, n'kuyendetsa bulashi kuchokera pakati kupita m'mphepete. Zouma zimauluka. Za chinyezi zimachoka ndi thaulo: likulungeni m'dzanja, mukanikize nalo siponji ikuzungulira pang'onopang'ono. Samalani kuti nsonga ya thaulo isakodwe, makamaka pa makina a rotary, aja ongozungulira osagwedera.

Koma palibe chimene chimaposa mpweya. Kamfuti ka mpweya muzikagwira chopendeka, masentimita angapo kuchokera pa siponji, n'kumayenda kuchokera pakati kutulukira kunja. Mudzaona utsi woyera ukutuluka, ndipo mtundu weniweni wa siponji ukubwerera. Mpweya umachita ziwiri nthawi imodzi, kuchotsa zinyalala ndi kuziziritsa siponji, ndipo kuno kuziziritsako n'kofunika mofanana. Pa siponji wamba musaloze molunjika ndi mphamvu yonse chifukwa imang'ambika. Ya microfiber, ija ya nkhope ya timaulusi tofewa, ndiye popanda mpweya muli pamavuto: ulusi wake umagona n'kumatana mukangomaliza kagawo kamodzi, ndipo ukagona sudyanso penti. Mpweya umaudzutsa. Yaubweya wa nkhosa nayonso imafuna mpweya kapena kachitsulo kake kozungulira ka mano, osati sikuludiraiva imene imathothola ubweya.

Uzirani kutali ndi galimoto, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, mutavala chotchinga pakamwa ndi magalasi. Fumbi limenelo ndi kompaundi ndi penti, si la m'mapapo.

Ngakhale muziuzira chonchi, siponji imodzi siingamalize galimoto. Imafika poti yakhuta ndipo yafewa ndi kutentha. Pa galimoto yaing'ono ngati Vitz kapena Sienta ine ndimakonza masiponji anayi mpaka asanu ndi limodzi odyera penti, ndi awiri kapena atatu ofewa omalizira, n'kumasintha ndikamaliza zigawo ziwiri. Ndikudziwa kuti masiponji abwino mpaka ukawafune ku Blantyre kapena ku Limbe, ndipo si otsika mtengo. Koma masiponji asanu osinthanasinthana amakhala nthawi yaitali kuposa asanu omwewo mukamapha imodzi imodzi. Ngati muli ndi atatu okha, gawani ntchito masiku awiri, kapena chapani oyambirira aja pamene mwapumula 10 koloko. Ndi kutentha kwathu, pofika madzulo amakhala atauma.

Siponji ikumatuka kumbuyo, kapena yaloŵa pakati ngati mbale

Kumbuyo kwa siponji kuli kansalu ka Velcro, kogwirizira siponji ku makina, komata ndi guluu. Mdani wa guluu ameneyu ndi kutentha. Mukaona pakati pa siponji papindikira m'kati, kapena kansalu kayamba kusendeka, ndiye kuti munaigwiritsa ntchito nthawi yaitali osasintha, mukukanikiza, ili yonyowa ndi kompaundi. Yafika pamenepo musaimate ndi guluu wa nsapato. Ikadzamatuka makina ali pa liwiro, mbale yolimba ya makina imene siponji imamatirapo imagunda penti, ndipo kukonza kwake ndi kusipuleya.

Onaninso kukula kwa mbale ya makina. Mbale ya mamilimita 125 imafuna siponji yopangidwira mbale yomweyo, yotsalako pang'ono m'mphepete. Pochotsa, lowetsani chala pakati pa Velcro ndi mbale n'kumasula pang'onopang'ono. Osakoka thupi la siponji.

Ndinenenso za gulayinda, popeza ndimaiona m'magalaja ambiri atamangirira siponji. Gulayinda yaing'ono imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi. Makina enieni opolishira a rotary amayambira cha m'ma 600 n'kulekezera cha m'ma 3,000, ndipo ntchito yambiri imachitikira pakati pa 1,000 ndi 1,500. Pa gulayinda siponji imasungunuka, penti imapsa, ndipo chidutswa chikathothoka chingathe kuvulaza munthu. Mafunde aja amene anali m'zitseko za Toyota yakuda ndi chizindikiro cha rotary yopendekeka kapena yothamangitsidwa. Amachoka mukamalizira ndi makina a DA, aja ozungulira uku akugwedera, ndi siponji yofewa yoyera.

Mwachapa, koma siponji yauma gwa ngati chikonyo

Nkhani iyi ndi yathu yeniyeni ya kuchigwa. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, ena mpaka osamweka. Mukatsukuluza siponji m'madzi oterowo n'kuiyanika, madzi amauluka koma mchere umatsala m'timabowo. Mawa lake siponji imakhala yokhakhala ndipo imasiya chifunga pa penti yakuda. Yesani madzi anu chonchi: dontheza pang'ono pa galasi loyera, muumitse padzuwa. Pakatsala mkombero woyera, madzi amenewo ndi ochapira matayala, osati otsukuluzira masiponji. Ine ndimatchera madzi a mvula m'mgolo wovundikira n'kumawasunga a ntchito imeneyi yokha. Akatha, ndimakatunga kumene ndayesa n'kuona kuti sasiya mkombero. Safunika ambiri, chifukwa ndi otsukuluzira komaliza basi.

Kachapidwe kake n'kosavuta. Siponji mukangoichotsa pa makina, iponyeni m'ndowa ya madzi a sopo wamadzi kompaundi isanaume. Ikauma m'kati kuchotsa kwake n'kovuta. Madzulo muzifinye ndi zala zazikulu kuchokera pakati kupita kunja, kusintha madzi mpaka otuluka akhale oyera mbee. Osapotokola ngati mukufinya chitenje, guluu amathyoka. Madzi akhale ofunda chabe kapena ozizira. Chigubu chimene chakhala padzuwa la masana madzi ake amakhala otentha kokwanira kufewetsa guluu, choncho gwirani kaye. Sopo waufa sindimulimbikitsa, chifukwa timibulu take timatsalira m'kati. Petulo, parafini ndi thinala ndiye zimadya siponji ndi guluu womwe. Masiponji opakira phula lowalitsa azichapidwa paokha, chifukwa phulalo likalowa m'siponji yodyera penti imayamba kutereka.

Mukatsukuluza, ikanikizeni pakati pa thaulo louma, kapena muimate pa makina n'kuizungulitsa masekondi ochepa m'kati mwa ndowa yopanda kanthu kuti madzi atuluke. Poyanika, nkhope iloze pansi pa waya wa sefa, Velcro kumwamba, kuti madzi atsike kuchoka ku guluu. Pamthunzi podutsa mphepo, osati pa malata kapena pa boneti. Dzuwa limafumbutsa siponji, imayamba kuyoyoka ngati buledi wagonera. Ikauma ilowe m'chigoba chake. Makoswe amaikonda kwambiri popangira zisa, ndinataya atatu usiku umodzi.

Makina a mpweya akuyamba mwamphamvu kenako n'kufooka

Tsopano za kusankha zida. Makina opolishira oyendera mpweya amakopa: ndi opepuka, satentha m'manja, ndipo ena mtengo wake ndi wotsika kuposa amagetsi. Ndinagulapo amodzi, ndili ndi kompresa ya malita 50, ya mota ya mphamvu ya mahatchi awiri (2 HP). Ankalira bwino kwa kanthawi kochepa, kenako n'kuyamba kuzungulira ngati akudwala, kompresa ikubangula osapuma. Ndinaganiza kuti andigulitsa zowonongeka. Makinawo analibe vuto. Masamu ndi amene anali olakwika.

Zida zambiri za mpweya zimafuna mphamvu ya bar 6.2, imene pa geji ina imalembedwa psi 90. Kompresa iliyonse imafika pamenepo. Funso lenileni ndi lakuti imapanga malita angati a mpweya pa mphindi. Thanki ndi nkhokwe chabe, koma munda ndi pampu. Thanki ya malita 50 ikatsika kuchoka pa bar 8 kufika pa bar 6 imakhala yakupatsani malita 100 okha a mpweya. Makina aakulu opolishira amadya malita 400 kapena kuposa pa mphindi, pomwe kompresa yaing'ono ija imapanga ochepera 150. Ndiye kuti pakatha masekondi 20 kapena 25 nkhokwe yatha.

Pogula, manambala awiri amanamiza anthu. Nambala yaikulu yolembedwa pa kompresa nthawi zambiri ndi mpweya umene pampu imakoka, osati umene imapereka. Funani pamene alemba FAD, kutanthauza mpweya umene imaperekadi. Ngati palibe, chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala ija. Pa bokosi la chida, nambala ya mpweya yotchedwa average amaiwerengera ngati chidacho chikugwira ntchito kotala la nthawi yokha. Kupolisha sikupuma, choncho chulukitsani kanayi. Zikalembedwa mu CFM, muyeso wina wa mpweya pa mphindi, chulukitsani ndi 28 kuti mupeze malita pa mphindi. Kompresa ikhale yoposa chimene chida chikufuna, isangofanana nacho.

Ndiye malangizo anga kwa amene ali ndi malo ang'onoang'ono ngati anga ndi awa. Makina aakulu opolishira akhale amagetsi. A DA ambiri amadya mawati osafika 1,000, pomwe kuyendetsa a mpweya osapuma kumafuna kompresa ya mahatchi asanu kapena kuposa. Choyamba kugula cha mpweya ndi kamfuti kouzira, kamene kompresa ya malita 24 kapena 50 imakakwanitsa bwino popeza mumauzira pang'ono n'kusiya. Kamayeretsa masiponji, kamatulutsa madzi obisala m'magalasi a m'mbali, m'zogwirira zitseko ndi m'mabaji, amene amadontha pa penti mukupolisha. Sankhani ka nsonga ya labala kapena ya pulasitiki kuti kakagunda penti kasakande.

Chachiwiri ndi mfuti zija za chifanizo cha fanulo, zimene ambiri amazitchula ndi dzina la Tornador, zozungulitsa mpweya ndi sopo. Pa mipando ndi makapeti odzaza fumbi, kapena matope ouma a galimoto imene inalowa m'madzi osefukira, zimagwira ntchito imene bulashi siingathe. Koma zimadya mpweya wambiri. Pa kompresa yaing'ono mudzagwira pang'ono n'kudikira, kugwira n'kudikira. Zimasangalatsa pa kompresa ya lamba ya malita 100 ndi mahatchi atatu. Kompresa yomweyo ingayendetsenso, mopumira, timakina ta mamilimita 75 topolishira nyali, mabampa ndi mizati ya zitseko.

Musaiwale paipi. Yozungulira ngati sipuling'i, ya bowo la mamilimita 5 kapena 6, imakwanira kamfuti kokha. Zida zinazi zimafuna ya mamilimita 8 kapena 10, yosatalika mopitirira. Geji muziiwerenga chida chikugwira ntchito, osati chili chete. Ikagwa kwambiri mukangokanikiza, paipi kapena zolumikizira zake ndi zopapatiza.

Kamfuti kakulavula madzi kapena oyilo

Mwauzira siponji kuti iyere, koma yanyowa ndi madzi ofiirira. Mpweya uliwonse uli ndi chinyezi, ndipo ukapanikizidwa n'kuzizira m'thanki chinyezicho chimasanduka madzi. Nyengo ya mvula, mmene kumafukira kuno m'mbali mwa Shire, thanki imasonkhanitsa madzi ochuluka modabwitsa. Kunsi kwake kuli kavalavu. Katseguleni madzulo alionse mukamaweruka, mutatsitsa kaye mphamvu ya mpweya. Madzi osiyidwa amadya thanki ndi dzimbiri kuchokera m'kati, ndipo thanki yodyeka imatha kuphulika. Ikayamba kutulutsa mpweya pa kabowo ka dzimbiri, musaiwotcherere. Yatha.

Ikani sefa yochotsa madzi, ija ya kakapu koonekera. Koma ikakhala pakamwa penipeni pa kompresa sigwira zambiri, chifukwa mpweya ukadali wotentha, madzi akadali nthunzi. Iikeni patsogolo, mpweya utayenda kale mamita angapo n'kuzizira. Kuti mudziwe ngati zili bwino, uzirani pa pepala loyera kwa masekondi khumi. Dontho la madzi ndi nkhani ya thanki ndi sefa. Dontho lachikasu losauma ndi oyilo, kutanthauza kuti mwathira wambiri m'pampu kapena maling'i a pisitoni atha.

Timakina tozungulira ta mpweya timafuna madontho awiri kapena atatu a oyilo wake polowera mpweya tsiku lililonse. Mukathira, tiyendetseni kaye kutali ndi galimoto mutaphimba potulukira mpweya ndi kansanza. Ndipo paipi imene yadutsamo oyilo isagwiritsidwe ntchito pouzira masiponji. Oyilo akalowa m'siponji mudzavutika ndi zipsera zimene simudzadziwa kumene zikuchokera.

Kompresa ikungong'ung'udza, kapena ikuzima yokha

Ikazima yokha masana n'kudzayaka itazizira, ndiye kuti yatenthedwa. Makompresa ang'onoang'ono opanda lamba sanapangidwe kuti azilira osalekeza. Iikeni pamthunzi podutsa mphepo, osaikanikizira kukhoma, komanso kutali ndi kumene mumauzirira masiponji kuti isakoke fumbi lomwelo. Kasefa ka polowera mpweya kuno kamatseka msanga. Kayang'aneni sabata iliyonse pamodzi ndi mlingo wa oyilo.

Ikamang'ung'udza osazungulira, yang'anani chingwe. Mota ya mahatchi awiri imadya mawati pafupifupi 1,500, koma poyamba imakoka kangapo kuposa pamenepo. Chingwe chowonjezera chachitali ndi chopyapyala chimaimana mphamvu. Ndi bwino kutalikitsa paipi yotakata kusiyana ndi kutalikitsa chingwe. Zimenezi ambiri tinaziphunzira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene ntchito zambiri zinkayendera jenereta. Jenereta yaing'ono imene imayendetsa makina a DA bwinobwino imatha kugwada kompresa ikangoyamba. Thandizo lake ndi kuyatsa kompresa thanki ili yopanda mpweya, zina zonse mutazimitsa. Komanso muzizimitsa kompresa pa batani lake, osati pakhoma. Batanilo ndi limene limatulutsa mpweya wotsalira pamutu pa pampu, kaphokoso kaja ka “psss”. Kakapanda kumveka, mota imadzayamba ikukankhana ndi mpweya ndipo imalephera.

Chimodzi ndimachiletsa mwamphamvu pamalo panga. Kukatentha anyamata amakonda kudziuzira m'malaya ndi kamfuti, kapena kuchotsa fumbi m'tsitsi. Mpweya wa bar 6 ungaboole khutu, ungaponyere kamchenga m'diso, ndipo ukalowa pa bala umatha kufika m'mitsempha ya magazi. Amene watenthedwa akasambe kumaso m'ndowa.

Pamene siponji ndi mpweya zilibe mlandu

Pali mizere ina imene siponji yoyera siingachotse. Dutsitsani chikhadabo mopingasa. Chikakodwa, mzerewo wapyola kiliya kapena watsala pang'ono, ndipo kuulondola ndi kompaundi kumangomaliza kiliya wozungulira. Magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan amakhala atapolishidwapo kale tisanawaone, ndipo madenga ndi maboneti ake dzuwa la kuno lawadya. Muziyang'ananso mtundu wotsala pa siponji. Ngati galimoto ndi ya penti yopanda kiliya, monga ma minibasi ena oyera ndi mapikapu akale, mtundu wake umatuluka pa siponji kuyambira pachiyambi, ndipo zimangofuna kuyeretsa pafupipafupi. Koma ngati munayamba siponji ikutuluka yoyera, kenako mwadzidzidzi yatenga mtundu wa galimoto, imani pomwepo. Mwaboola kiliya, ndipo kawirikawiri zimachitikira m'mphepete ndi m'mizere yakuthwa ya bodi.

Toyota yakuda ija tinaiyambanso Loweruka 4 koloko m'bandakucha, titawaza madzi pansi, tikuunika ndi babu ndi tochi. Ndinabwereka masiponji atatu kwa mnzanga kuwonjezera pa anga amene ndinachapa Lachisanu. Ine ndinkapolisha, mnyamata uja ataima kunja kwa shedi ndi kamfuti, kulandira yakuda n'kundipatsa yozizira. Pa buti panali mzere umodzi umene chikhadabo chinkakodwa. Tinangoufewetsa m'mphepete n'kuusiya. Bambo aja atafika cha m'ma 9 koloko ndinaitulutsa padzuwa ndekha, n'kuwaonetsa mzerewo asanauone okha. Anazungulira galimoto kawiri, anawerama pa boneti nthawi yaitali, kenako anatulutsa maliboni m'jumbo n'kupempha mnyamata uja kuti awathandize kumanga.